Chifuwa cha Njinga Yanga

Njinga yamoto ija ndinaigula ku Mangochi itangotuluka m'katoni, yofiira ngati tomato, mpando udakali m'pulasitiki. Ndinalowa nayo kwathu ku Chembe ndikuliza hutala ngati ndabweretsa mkwatibwi. Aliyense anabwera kudzaigwira, kupatula bambo anga. Iwo anali atanena kale zawo: mwana wa msodzi kusiya ukonde wa chilimira n'kumanyamula anthu pakabaza, imeneyo ndi misala. Anangoiyang'ana kamodzi n'kupitiriza kusoka ukonde.

Sabata yoyamba inkalira bwinobwino. Yachiwiri, mayo ine! Ndikangoyamba chitunda cha ku Monkey Bay inkatsokomola, pho! pho! ku ekizozi, utsi uli tolotolo. Mayi wina wa usipa anatsikira panjira ndi dengu lake, akuti ana ake adakali aang'ono. Mtima unandiwawa. Zoti andigulitsa chinthu chowola sizinkandiopsa kwenikweni. Ndinkaopa kukaima pamaso pa bambo n'kuvomera kuti ananena zoona.

Ndinakunga tcheni, ndinamanga mabawuti onse, ndinafika poika khutu pa injini mpaka kupsa tsaya. Palibe chinasintha. Basi ndinapita kwa makaniko wina ku Monkey Bay, mkulu wa chikofiya, Chichewa chake chonunkhira Chiyao. Anagunditsa sikuludilaiva pa injini, chogwirira chili kukhutu, n'kumvetsera. Anamasula pulagi, n'kuipeza yakuda bii, yonyowa. Kenako anaviika chala m'thanki n'kutikita.

"Achimwene, ndinu msodzi eti?"

"Ndinali."

"Iyitu si injini ya boti yosakaniza oyilo ndi petulo. Oyilo wake ali ndi malo ake pansipa. Nanga wina mwathiriranji m'petulo?"

Ndinalumbira kuti sindinathire. Mkuluyo anaseka mpaka kukhala pa tayala. "Ndiye kwanuko kuli wina akuikonda njingayi kuposa inu."

Anakhuthula thanki, n'kutsuka pulagi ndi kabuleta. Itadzuka inalira mosalala moti ndinavina pagalaja pomwepo, ine munthu wamkulu ndithu, anthu akundiombera m'manja.

Mawa lake ndinalawirira kuposa masiku onse. Pakhonde ndinapeza bambo atawerama pa thanki, botolo la oyilo wa boti lili m'manja, akuyeza ndi chitsekerero mosamala monga amachitira asanalowe panyanja.

"Ababa, mukutani?"

Sanadzidzimuke n'komwe. "Iwe umangothira petulo wouma. Ukufuna ikakuzimire pakati pa phiri uli ndi anthu a eni ake?"

Ndinafuna kuwafotokozera kusiyana kwa injini ziwirizi, koma ndinazisiya. Ndinali ndi chimwemwe, chenicheni, chofuna kundiliza. Ndinangolandira botolo lija ndi manja awiri n'kuwauza kuti makaniko waletsa. Anang'ung'udza kuti amakaniko a kumtunda sadziwa injini. Kenako anavala masilipasi awo, anakwera kumbuyo, n'kundigwira m'chiuno zolimba.

"Tiye, ndikaimve ndekha."