Chaka Chimene Mlongo Wanga Anasiya Kunjenjemera

Jakisoni wa mlongo wanga anali wagalasi. Amayi ankamuwiritsa m'kapoto kosaphikira china chilichonse, ndipo m'mawa uliwonse ankabaya mwanayo pantchafu. Matenda a shuga anamugwira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Kuchipatala cha mishoni anatiuza kuti, "Akayamba kunjenjemera, mpatseni chotsekemera msanga." Ine mkulu wake ndinakhala mlonda wa manja akewo, ndipo sindinkaphonya.

Chaka chimene ndikunenachi, nandolo atayamba kuuma kwathu ku Mbulumbuzi, kunjenjemera kunatha. Sabata, mwezi, manja ali zii. Amayi anakathokoza kutchalitchi kuti mwana akuchira. Tinasiya kuyenda ndi nzimbe zomupatsa akanjenjemera.

Tsiku lina tikuthyola nandolo, dzuwa lili paliwombo, makoko akuthetheka m'dengu, mwana wofatsa uja anayang'ana amalume n'kunena kuti, "Iwe, mutu ngati dzungu!" Anaseka, dovu likuchucha. Ndinamumenya khofi. Ndikulemba ndi dzanja lomwelo, limene linaphunzira kugwira cholembera ndili kale ndi imvi, ndipo silinaiwale kuzizira kwa tsaya lija.

Anagwa mumzere. Amalume ankakuwa kuti ndapha mwana. Koma ine kuzizira kuja ndinkakudziwa. Ndinathamangira kudimba la aphunzitsi, n'kuthyola nzimbe osapempha. Ndinasenda ndi mano, kutafuna, n'kumamupaka madzi ake m'kamwa ndi chala, pang'onopang'ono, milomo yanga ikutuluka magazi. Patapita nthawi anaphethira.

"Achimwene, mukulira chiyani?"

Madzulo aphunzitsi anabwera ndi mkwapulo kudzafuna wakuba. Atamva zonse anauponya pansi, ndipo m'mawa anatumiza mtolo wathunthu wa nzimbe. "Mnyamatayu ali ndi mutu, abwere kusukulu," anatero. Sindinapite, mbuzi zinalibe woweta. Koma mawu amenewo ndayenda nawo moyo wonse, ndipo ndikunena mosabisa kuti pa anthu onse amene anali m'munda muja, amene anathamanga ndine. Mlongo wanga anakula, anakwatiwa, anabereka. Za khofi lija sankakumbukira, ndipo ine sindinamuuze mpaka tinamuika.

Chaka chatha ndinaperekeza mdzukulu wake kuchipatala kuboma, matenda omwewo. Anamwino anandifotokozera kuti shuga akatsika, thupi limatulutsa adirenalini, chinthu chimene chimagunditsa mtima ndi kunjenjemeretsa manja munthu akachita mantha. Ndiye belu lochenjeza limenelo. Koma mwa ana ena odwala shuga, timakutu timene timamva belulo m'thupi, ngakhale pa maselo, tizigawo ting'onoting'ono ta magazi, timachepa mphamvu. Shuga amatsika ndithu, mwana osanjenjemera, mpaka mutu n'kusokonezeka, n'kuyamba kulankhula zimene sakuzidziwa.

Ndinakhala pabenchi pachipatalapo nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Mnyamata wa m'munda uja ankadziwa kuthamanga, ankadziwa kusenda nzimbe ndi mano. Chimene sakanatha kudziwa n'chakuti chipongwe chija sichinali chipongwe. Thupi litasiya kulankhula, mlongo wake analibe njira ina yopemphera thandizo.