Dailes ndi Soda wa Alamu Ake

Dailes anayamba kugulitsa zigumu pamsika wa Lizulu mu 1988. Ankathira chidulo chimene ankacheza yekha ndi phulusa la zitsononkho, monga ankachitira mayi ake. Zigumu zake zinali zolemera, koma madalaivala a mathiraki ankagula kwa iye, poti panalibe wina.

Pa 3 Juni 1997 kunafika Christobel, mlongo wa Eliya, mwamuna wa Dailes, ntchito itamuthera kufakitale ya mabisiketi ku Blantyre. Ankasimba kuti kumeneko soda amabwera m'matumba aakulu ngati a feteleza. Anaika lichero lake pafupi ndi la Dailes, ndipo zigumu zake zinali zotupa, zofewa, zopepuka m'manja.

Pasanapite nthawi madalaivala anayamba kumulumpha Dailes.

"Tikufuna zomwera tiyi, mayi, sitikumanga nyumba," anatero wina akuseka.

Dailes anaseka nawo, koma mtima unamuwira. Tsiku lina anapezerera Eliya kuseri kwa golosale akumeza msangamsanga chigumu cha mlongo wakeyo. Madzulo ake sanamupatse madzi osamba.

"Alamu, bwerani mawa ndikuonetseni kapimidwe kake," anatero Christobel. "Soda ameneyu ali ndi malamulo."

"Ndinayamba kuphika inu mukadali ndi mamina, alamu. Pitani mukaphunzitse a ku Blantyre anzanu."

Komabe Loweruka Dailes anakwera minibasi mpaka ku Mlangeni, kumene sankadziwika, n'kukagula soda mobisa. Chidulo ankathira kapu yodzaza, choncho sodanso anapima ndi kapu yomweyo, n'kuwonjezapo pang'ono kuti zake zitupe kuposa za mnzake.

Zinatuluka zofiirira, zonunkha sopo. Anazitengabe kumsika atazifunditsa nsalu yatsopano. Dalaivala wina wakale, amene anamumvera chisoni n'kugula, analuma kamodzi n'kulavulira mumsewu.

"Mayi, mwatiphikira kapena mwatichapira?"

Msika wonse unaseka. Christobel yekha anayang'ana pansi, ndipo chisoni chakecho chinamupweteka Dailes kuposa kusekako.

Pa 21 Julaye chaka chomwecho Dailes anasiya zigumu. Anawoloka msewu kupita mbali ya Mozambiki n'kuyamba kuunjika mbatatesi. Malondawo anamuyanja ndithu, ana anaphunzira, nyumba anafolera malata. Koma mpaka lero thiraki ikaima kutsidyako, Dailes amasiya wogula ali chiimire, maso ali palichero la Christobel.

"Adzingodyani," amatero. "Soda ameneyo adzawaboola m'mimba."