Mdzukulu wa pa Foni

Mnzanga amene ndikufuna kunena nkhani yakeyu ndinadziwana naye ku ntchito, kunyumba yosamalirako okalamba ku South Bend, m'chigawo cha Indiana kuno ku America. Iye anabadwira ku Korea, ine ku Kasungu. Tinkagwira shifiti imodzi, kusambitsa ndi kudyetsa azigogo a eni ake, ndipo nthawi yopuma ikakwana tinkakhala tebulo limodzi n'kumadandaula za misana. Chizungu chathu tonse chinali chokhota, aliyense kukhotera kwake, koma tinkamvana bwinobwino. Ine ndinkamuitana kuti achemwali, iye anawagwira mawuwo n'kumandibwezera.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, mnyamata wobadwira konkuno. Mwamuna wake, Mkoreya nayenso, anamwalira mwanayo ali kusekondale. Nkhope ya mnyamatayo inali ya ku Korea yeniyeni, koma akatsegula pakamwa unkamva Indiana yokhayokha. Chikoreya sankachidziwa, kupatula mayina a zakudya. Ndinafunsa kuti zinatheka bwanji, makolo onse awiri olankhula chinenero chimodzi. Anandiuza kuti mwanayo ali ku nazale anachedwa kulankhula, ndiye aphunzitsi anawalangiza kuti asamamusokoneze mutu, azimulankhula Chizungu chokha. Iwo anamvera. Ine sindinadabwe kwenikweni. Anga omwe Chichewa amamva, koma ukawafunsa kanthu amakuyankha Chizungu ngati ndiwe wa ku banki.

Vuto linali kwawo. Bambo ake a mnzangayu, mlimi wa m'katauni kakang'ono, sanafune kuti mwana wawo wamkazi yekhayo apite ku America. Tsiku lotsanzikana anamuuza maso ndi maso kuti ana ake adzakhala alendo, sadzatha ngakhale kupereka moni kwa agogo awo. Iye anapsa mtima, analumbira kuti zimenezo sizidzachitika. Kuyambira pamenepo awiriwa ankalankhulana mwaulemu koma mozizira. Za mvula, za mankhwala, basi foni yatha.

Pofuna kuti bambo ake asapambane, anapeza njira. Akaimba foni pa chaka chatsopano kapena pa tsiku lobadwa la nkhalambayo, ankamupatsa mwanayo foni, iye n'kuima kumbuyo kwake, pakamwa pafupi ndi khutu linalo. Agogowo makutu anali atayamba kutha. Ankakuwa pafoni moti mawu awo ankamveka chipinda chonse, koma zonong'ona sankazimva. Akafunsa funso, mayi ankanong'oneza yankho, mwana n'kubwereza. Foni yawo inali ya m'nyumba, ya chingwe, za mavidiyo ankakana. Mwanayo anakula akubwereza mawu osadziwa tanthauzo lake, ndipo mpaka ali ku koleji ankachitabe zimenezi pomvera amayi ake. Abale onse ku Korea ankadziwa kuti mdzukulu wa ku America amalankhula Chikoreya chaulemu, chosowa masiku ano.

Tsiku limene anandiululira ndinaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Ifenso timachita, kumukodola mwana kuti nena ndili bwino kaya inu agogo, koma ife timalekera pa moni. Mnzangayu ndiye anafika nazo patali.

Mnyamatayo atamaliza koleji ankakhala ku Speedway, katauni ka m'mphepete mwa mzinda wa Indianapolis, akuthandizira kuphunzitsa pa sukulu ina mumzindamo. Chaka china anaapulaya ntchito yophunzitsa Chizungu ku Korea, osauza amayi ake mpaka atamutenga. Mzinda umene anamutumiza unali kufupi ndi kwa agogo ake, ulendo wa basi wosatopetsa n'komwe. Mnzanga anabwera ku ntchito nkhope itagwa. Anali atayesa zonse kuti amuletse: kuti kuli kutali, kuti iye bondo likumuvuta, kuti kumazizira.

"Achemwali," ndinatero, "mwana wokulira ku South Bend mukumuopseza ndi kuzizira? Pezani bodza lina."

"Bambo anga adziwa," anayankha.

"Ndiye auzeni nokha mwanayo asanafike."

"Sindingathe."

"Mukuopa chiyani? Akukwapulani pafoni?"

"Anena kuti ndinakuuza. Akatero sadzandilankhulanso. Ndimawadziwa. Ndipo ndi okalamba, achemwali, nthawi yoti mtima wawo udzazizire palibe."

Pamenepo ndinasiya zoseka. Ndinamumvera chisoni, komanso anandikwiyitsa, chifukwa ine zobisabisa zimanditopetsa.

Ananyamuka mu Ogasiti. Ndege inkakwerekera ku Indianapolis chifukwa masutikesi ake anali ku Speedway, koma sabata yomaliza anadzakhala ndi amayi ake ku South Bend, galimoto yake atagulitsa kale. Mnzanga amaopa msewu waukulu, ndiye wodraiva ndinali ine. Msewu wake ndi wowongoka, chimanga uku ndi uku, chachitali, choti sichinaonepo khasu. Mayi anakana kukhala kutsogolo. Anakhala kumbuyo ndi mwana wake, ndipo tisanatuluke n'komwe m'tauni sukulu inayamba.

Abale! Ankafuna kuti zonse zimene sanamuphunzitse kuyambira ali khanda zilowe m'mutu tisanafike ku Kokomo, tauni ya panjira. Nena chonchi. Ayi, osati choncho, ameneyo ndi moni wa kwa mnzako, kwa agogo umatalikitsa. Mnyamata ankabwereza, mayi n'kumenya pampando wanga ndi chikhatho. Kenako zinafika za ulemu, kulandira kapu ndi manja awiri, kusayamba kudya akulu asanagwire supuni. Titaima kuti tithire mafuta, anamutulutsa n'kumugwaditsa pa kapinga kuseri kwa galimoto, kumuonetsa mmene amaweramira kwa akulu mpaka chipumi kuyandikira pansi. Bambo wina wa thiraki anasiya kudya n'kumationerera.

"Lowani m'galimoto nonse," ndinakalipa. "Atiitanira apolisi anthu awa."

Titabwerera mumsewu mnyamatayo analankhula modekha. Ndi mwana wofatsa, sakonda kukweza mawu.

"Amayi, ine ndikupita kumeneko kuti ndikachiphunzire. Bwanji ndikangowauza agogo kuti sindichidziwa?"

"Ayi. Ukati pakhosi pakupweteka."

"Pakhosi chaka chonse?" ndinalowerera ine. "Ndiye akamugoneka m'chipatala."

Mnyamata anaseka, mayi sanaseke. Pabwalo la ndege anamugwira malaya n'kumuuza kuti asapite kwa agogo ake mpaka iye atamuuza. Mwanayo anavomera ndi mutu wokha. Pobwerera mnzanga anakhala kutsogolo.

Za ku Korea tinkazimva pa nthawi yopuma, chifukwa mnyamatayo ankatumiza mauthenga pafupipafupi ndipo amayi ake ankandisimbira zonse. Ankaphunzitsa ana aang'ono, a kupulaimale, pa sukulu ya masana imene makolo amatumizako ana akaweruka kwinako. Mkulu wa sukuluyo anakondwa kuti sadziwa Chikoreya, ati ana alibe kothawira, alankhula Chizungu afune asafune. Koma makolo ena anabwera kudzadandaula. Ati ife tinamva kuti kwabwera mphunzitsi wa ku America, nanga uyu si mwana wa konkuno? Mayi wina anaima pawindo phunziro lonse kuti amve ngati Chizungucho chinali chenicheni.

Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali kunja kwa sukulu. Anzake ophunzitsa nawo, azungu, akatchula liwu limodzi la Chikoreya m'sitolo, anthu ankaombera m'manja, mwinanso kuwaonjezera chakudya. Iye akatchula liwu lomwelo, mokhota chimodzimodzi, ogulitsa ankamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kuganiza kuti ndi mwano kapena waledzera. Woyendetsa takisi wina anamukalipira njira yonse. Mawu sanamve, koma chala chinkaloza nkhope yake. Ine zimenezi zinandipsetsa mtima ngati mwana ndi wanga. Munthu wachoka kutali kudzaona kwawo, inu n'kumamukalipira chifukwa cha mlandu wa aphunzitsi a ku nazale?

Ana a m'kalasi mwake poyamba sanakhulupirire. Ankamutukwana m'Chikoreya akumwetulira kuti aone ngati nkhope isinthe. Ataona kuti bamboyu samvadi, anamumvera chisoni n'kusanduka aphunzitsi ake. Nthawi yopuma ankamuzungulira, kumulozera mpando, nsapato, mphuno, n'kumuseka akalakwitsa. Choncho Chikoreya chake choyamba chinali cha ana, choti chimbudzi chili kuti, usandikankhe, ndakhuta. Ntchitoyo anaikonda, ndipo anatiuza mosabisa kuti sanasangalalepo chonchi.

Kenako chinafika chikondwerero chawo cha zokolola, pamene masukulu amatseka ndipo aliyense amapita kumudzi kwawo. Amalume ake anali atadziwa kuti ali m'dzikomo. Anatuma mwana wawo, msuweni wake wodziwa Chizungu pang'ono, kukamutenga. Mnyamatayo anangowauza amayi ake kuti, "Ndikupita, ndipo sindikanama."

Lachisanu la sabata imeneyo mnzanga anagwira ntchito ngati munthu wodwala malungo. Anagwetsa thireyi, anaiwala kutseka mpopi. Foni inali m'thumba la yunifolomu, osalira. Ndinamuuza kuti akakhale pansi, odwala ake ndiwaonera ine, koma anakana. Titaweruka madzulo, kunja kukali kowala, anandipempha kuti tikhale pang'ono m'galimoto yanga pamalo oimikapo magalimoto. Sitinakhalitse, foni inalira. Inali ya vidiyo, yochokera kwa mwana wake. Kumeneko kunali kutacha kale, Loweruka m'mawa. Ndinafuna kutuluka kuti ndiwapatse mpata, koma anandigwira dzanja mwamphamvu.

Pagalasi panaoneka mnyamatayo atakhala pansi, ndipo pambali pake nkhalamba yowonda, ya tsitsi loyera lometedwa, itakhala mowongoka. Mnyamata ndiye anayamba, m'Chizungu.

"Amayi, agogo akudziwa. Dzulo ndinawerama bwinobwino monga munandionetsera, koma atandifunsa funso loyamba ndinangowayang'ana. Msuweni wanga anawafotokozera zonse, ndi za pafoni zomwe. Agogo sanadye. Lero andiuza kuti ndikuimbireni."

Zotsatirazo zinali m'Chikoreya. Ine sindinamvepo kanthu pa nthawiyo. Ndikuzilemba monga mnzanga anandifotokozera pambuyo pake.

Nkhalambayo sinanene kuti ndinakuuza. Inamulamula mnzanga kuti atanthauzire, ndipo inayamba kufunsa mdzukulu wake mafunso. Amakonda kudya chiyani? Ana a sukulu amamumvera? Chipinda chimene akugona n'chofunda? Ali ndi chibwenzi? Mnyamata ankayankha Chizungu, mayi n'kutembenuza. Kanali koyamba kuti agogowo amve zimene mdzukulu wawo akuganiza yekha. Ankagwedeza mutu, nthawi zina kumugwira bondo. Pa za chibwenzi anaseka pang'ono.

Kenako anatembenukira kufoni, nkhope itauma.

"Uyu ndamuona. Ndi mwana wabwino, koma ndikumudziwa lero. Nanga amene ndinkalankhula naye zaka zonsezi ndani?"

"Ndine, bambo."

"Uja ankati agogo musamanyamule matumba olemera, msana wanu si wa kale?"

"Ndine."

"Uja ankati amayi akamaphika msuzi wa nyemba amatchula inu?"

"Ndine, bambo."

Mnzanga ankandifinya dzanja mpaka mphete inandilowa m'chala.

"Nanga uja ankati ndakusowani kwambiri, mundikhululukire kuti ndili kutali? Chaka chilichonse ankanena zimenezo. Ine ndikaika foni ndinkakhala pansi n'kumadabwa kuti kamwana kosandidziwa kangandisowe bwanji. Iwe ukatenga foni unkangondifunsa za mvula."

Mnzanga anayamba kulira. Misozi inkangotsika, osapukuta.

"Nena wekha," anatero bambo ake. "Ndikumvetsera."

Atatero anatenga foni m'manja mwa mdzukulu wawo n'kuiika kukhutu monga anazolowera ndi yawo ya chingwe. Pagalasi panadzaza khutu lokhalokha. Mnzanga anayamba chapansipansi, nkhalamba inakuwa kuti sikumva. Anabwerezanso, inakuwanso. Ndiye anakweza mawu, mayi woti sindinamumvepo akukuwa, mpaka anamwino awiri amene ankapita kumagalimoto awo anacheuka. Analankhula nthawi yaitali, akulira, akuima kaye kuti apume, n'kuyambiranso. Khutu lija silinasunthe.

Foni itabwerera m'manja mwa mnyamatayo, agogo ake anali ataphimba nkhope ndi dzanja, amayi ake atagwetsa mutu. Anayang'ana uku, anayang'ana uku, kenako anandiona ine pakona ya galasi.

"Anti, akuti chiyani?"

Ndinamuuza kuti nanenso sindikumva, koma asadule foni.