Ndinakwera Bwato Kufuna Malo Opanda Makutu

Abale anga, ndakwera bwato! Ine amene, nkhalamba ya ku Glen Norah ku Halale kuno, amene ndimakana ngakhale kuwoloka kamtsinje ka Mukuvisi pamiyala. Ndagonanso m'nyumba yansalu m'mbali mwa nyanja. Mpaka lero ndikakhala pampando ndikumamva ngati pansi pakuyendayenda, ndipo ndikumaseka ndekha moti adzukulu ayamba kundiyang'ana cham'mbali.

Khalani pansi ndikuuzeni. Maina onse ndasintha, musadzivute n'kufufuza. Inenso si mwana.

Kutchalitchi kwathu kuli bambo wina, timutche Bambo Banda, wogwira ntchito kufakitale yopanga mabwato. Mzungu wake amuitananso kunkhondo, ndiye pochoka anamusiyira kabwato ndi matenti kuti asunge. Bambo Banda akuti bwato likakhalitsa pamtunda limang'aluka, limafuna kunyowa. Ndiye anabwereka lole, n'kuitana mabanja angapo kuti Loweruka tikagone kunyanja ya Makiliweni. Injini anaisiya, poti makuponi a petulo anangokwanira lole.

Poyamba ndinakana. Masiku ano munthu akakuitana kukagona kutchire, umayamba wafunsa kuti wamutuma ndani.

Koma ndinali ndi katundu pamtima.

Mwana wanga wamwamuna ali kuntchito kutali. Ndi mmene timayankhira tikafunsidwa masiku ankhondo ano, ndipo ambiri a inu muli ndi ana ogwira ntchito kutali komweko. Anachoka osatsanzika, n'kundisiyira mkazi wake, amake Lute, ndi khanda. Kuyambira pamenepo, zii. Mpongozi wangayo wakhala akuonda ngati bango, ndipo amalume ake atumiza mawu kuti mwezi ukatha abwera kudzamutenga, akuti mkazi sadikira munthu wakufa.

Tsono tsiku lina kumsika, mayi wina wogulitsa matimati, akundiikira m'dengu, osandiyang'ana n'komwe, anangoti, "Ali moyo. Ndamuona ndi maso angawa." Anawonjeza zina pang'ono, kenaka n'kuyamba kuitanira malonda.

Ndinafika kunyumba ndi uthengawo. Koma ndikanamuuzira kuti amake Lute? Mpongozi wangayu salira mwakachetechete, sasangalala mwakachetechete. Khoma lathu ndi limodzi ndi la Mai Rudo, mayi amene amadziwa tsiku lomwe takazinga mazira. Mlamu wawo amavala yunifomu ya boma. M'basi? Kumpopi? Kumanda komwe kumakhala munthu wina amene sakulira, akungoona amene wabwera.

Ndiye nditamva za nyanja ndinati, mwina kutchire kulibe makutu. Tiyeni!

Loweruka m'mawa tikukweza mabulangete, ndinangoona munthu wakhala kale pamwamba pa matenti, kasutukesi pamiyendo.

"Ambuya, mumafuna kundisiya?"

Mai Rudo!

Pamsewu tinapeza apolisi atatchinga. Anaona zitupa zathu, kenaka wina anafunyulula tenti. Inali yobiriwira, abale, yobiriwira ngati ya asilikali. Nkhope yake inasintha.

"Izi mukupititsira ndani? Anyamata a m'tchire?"

Bambo Banda analoza bwato n'kufotokoza za mzungu wawo. Wapolisiyo anayang'ana bwato, anayang'ananso zitupa, n'kuphulika kuseka.

"Haa, Manyasarandi! Inu ndi madzi! Pitani, mukatibweretsere nsomba."

Ndi mmene amatitchulira kuno ife a ku Malawi. Ndinasunga mawu amenewo. Ine sinditaya kanthu.

Koma nyanja, abale! Ifetu anatilozera mbali yathu, yamabango ndi matope, kutali ndi kumene azungu amaimika mabwato awo a nsalu zoyera. Komabe madzi sadziwa za malire amenewo. Anangoti mbee mpaka kumapiri, mbalame zikudumphira m'menemo n'kutuluka ndi nsomba kukamwa. Ndinaima pakamwa yasa ngati mwana woona sitima koyamba. Zaka zonsezi chinthu chotere chili pafupi chonchi, ine ndikungoyang'ana chimbudzi cha aneba?

Amuna analimbana ndi matenti mpaka thukuta. Ina inagwera Bambo Banda, n'kumangomveka mawu m'kati, "Gwirani mtengowo, inu!" Ana anagubuduzika n'kuseka. Dzuwa lisanalowe tinali titawotcha nsomba, tikuimba nyimbo za kutchalitchi, utsi ukutithamangitsira udzudzu. Ndinavina, inde, musandifunse kuti ndi bondo liti.

Koma ndikuchenjezeni: tenti ilibe chinsinsi. Khoma la ku Glen Norah n'labwino. Mu tenti munthu akameza malovu, a tenti inayo amati pepani. Ndipo Mai Rudo anayala mphasa yawo pakati penipeni pa ine ndi mpongozi wanga.

M'mawa amuna anapita ndi bwato kukawedza. Ndinawayang'anitsitsa ali patali. Pakamwa pawo pankayenda, mano ali pamtunda, koma kwa ine sikunkafika liwu ndi limodzi lomwe. Mphepo inkachokera kumtunda kuno n'kumakankhira mawu awo kutsidya. Malo aja ndi awa!

Atangobwerera ndinati, "Amake Lute, siyani mwana kwa azimayiwa. Tiyeni tikakwere."

"Amayi, inuyo? M'bwato?"

"Ndati tiyeni."

Tikufika, Mai Rudo ali kale m'kati, nsapato zili m'manja.

"Ambuya, ine sindiopa ayi. Ndili ndi Manyasarandi. Inu mumabadwira m'madzi, ana anu amayamba kusambira asanayambe kuyenda."

Kodi bodza limeneli linachokera kuti? Zaka zonse takhala kuno, anzathu a Chishona amaganiza kuti aliyense wa kwathu anakulira m'bwato. Amuna athu nawonso sakana, kumowa amatambasula manja kuonetsa nsomba zimene sanagwirepo. Tsiku limeneli ine ndinangonena zoona.

"Mai Rudo, kwathu ndi ku Dedza, pamwamba pa phiri. Nyanja ya kwathu ndimangoimva ngati inu nomwe. Uyu anabadwira m'tauni mommuno ku Highfield, amasambira m'beseni."

Ndinanyamula nkhafi chadodolido, n'kufunsa, "Kodi mtengowu amagwira mbali iti?"

"Maiwe!"

Sindinaonepo munthu wa thupi lotero akutuluka m'bwato mwachangu chotero. Anagwera m'matope mpaka m'mawondo, nsapato zili m'mwamba.

Bambo Banda anati atiperekeze. Ndinati, "Ayi bambo, inunso muli ndi makutu awiri." Anapukusa mutu, n'kumanga chingwe chachitali kubwato, mbali ina kumtengo. Mfundo ndinaikoka ndekha kuti ndione. Munthu wa kutchalitchi, inde, koma mfundo ndi mfundo.

Anatikankha.

Mayo ine! Pansi panachoka. Ndinagwira m'mbali ndi manja onse, amake Lute akumenya madzi ndi nkhafi ngati akupha njoka. Bwato linkangozungulira, uku mtengo, uku phiri, uku mtengo uja kachiwiri. Kenaka mphepo inatitenga bwinobwino n'kutiyendetsa mpaka chingwe chinati ndii. Anthu kumtunda anasanduka tiana. Madzi ankangomenya pansi pa bwato, kwinako bata lokhalokha. Ndinamva m'chifuwa mukutseguka ngati munthu wandimasula lamba amene ndinaiwala kuti ndavala.

Komabe ndinayamba ndayesa. Ndinakuwa, "Bambo Banda! Chipewa chanucho n'chonyansa!"

Anatibayibitsa akumwetulira.

Ndipo ndinatembenuka. "Mwana wanga, ika nkhafi pansi, undiyang'ane. Bambo ake a Lute ali moyo."

Anaika nkhafi pansi.

"Amayi, musandinamize. Chonde, musandinamize kuti ndidye."

"Ine ndinayamba ndakunamizapo? Wamuona munthu ndi maso. Akuti wafunsa ngati mwana wayamba kuyenda."

Abale, mpongozi wangayu anaimirira. M'bwato! Anaimirira n'kuponya manja m'mwamba, nthungululu ili pakamwa, misozi ili chuchuchu. Bwato linapendekera uku, madzi n'kulowa, nkhafi imodzi n'kupita.

"Khala pansi, iwe, utimiza! Ukufuna mwamuna wako adzapeze manda awiri?"

Anagwera pamiyendo panga, akulira n'kumaseka, ine ndikumugwira ndi dzanja limodzi, lina lili pabwato. Analira mokweza mmene wakhala akufunira chichokereni mwamuna wake, ndipo panalibe womuuza kuti tsitsa mawu. Inenso ndinatchula dzina la mwana wanga mokuwa, dzina lake lenileni, limene m'nyumba mwanga momwe ndimangolimeza.

A kumtunda ataona chipwirikiti anaganiza kuti tikumira. Amuna onse anagwira chingwe n'kutikoka ngati ukonde. Woyamba kutilandira anali Mai Rudo.

"Nhai, amake Lute, mwalira chiyani?"

"Mantha, Mai Rudo," anatero mpongozi wanga, akupukuta maso. "Madziwa ndi oopsa."

Masana amenewo anadya nsomba mpaka kunyambita zala. Pobwerera anandinong'oneza kuti amalume ake auzidwe asavutike n'kukwera basi.

Ine kale ndinkawaseka azungu. Munthu uli ndi nyumba yamagetsi, n'kukagona pansi dala? Amuna athu anagona pansi pa mitengo njira yonse pobwera ku Halale kuno, ndipo palibe anati ali kokasangalala. Mpaka pano ndikuti tenti payokha ndi umphawi chabe. Koma ikakhala ndi bwato pambali, imeneyo ndi nkhani ina. Tenti imakufikitsa pamene msewu wathera, bwato limakuchotsa pamene anthu athera.

Taonani mmene nkhondoyi yatisandutsira. Timanong'ona m'basi, timanong'ona pamaliro, mwamuna ndi mkazi wake amayamba atsegula wailesi asanalankhulane. Adzukulu anga akuyesa kuti Chichewa ndi chinenero cholankhulira pansipansi. Ndi angati mwa inu muli ndi mawu amene akuwolerani m'kamwa chifukwa chosowa powalavulira?

Nanga Mai Rudo ndi kazitape? Sindikudziwa. Nthawi yonse tili pamadzi iwo ndi amene anabereka Lute kumbuyo, akumuimbira. Mwina ndi mayi wosungulumwa chabe, wokonda nkhani. Zimenezo zimandipweteka ndikaganiza. Koma kundipweteka si kundipusitsa: m'bwato langa sakwera.

Mzungu uja sanabwerebe, ndipo Bambo Banda akuti bwato layambanso kuuma. Malo anga ndasungitsa kale, kutsogolo. Mukamva kuti kuli ulendo, tengani bulangete ndi munthu mmodzi amene muli naye mawu. Mfundo ya chingwe mukaione nokha.

Tsono inu a boma amene mumawerenga ndime yanga ino ya m'nyuzipepala pensulo ili m'manja, mwapezapo chiyani? Nkhalamba ina yopanda dzina ili ndi mwana kuntchito, ndipo ali moyo. Zina zonse zimene ananena mayi wa matimati ndinazisiya pakati pa nyanja, pamene pakuyandama nkhafi ija. Mukuzifuna? Kodi mumatha kusambira?