Tsiku la Anti linathera pa masitepe a ku Busan

Ndinapita ku Korea ngati woperekeza munthu wamkulu, koma ndinabwerako nditamuwonongera tsiku limene analidikira kwa zaka zonse za ntchito yake. Sindinachite dala ayi. Chinandipweteka ndi phuma lofuna kuona malo, ndipo ndalemba izi kuti inu owerenga amene mumatumidwa ku misonkhano ya kunja musadzachite zimene ndinachita ine.

Ndine namwino. Ndimakhala ku Partick muno mu Glasgow, ndipo ndimagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba. Pamalo pomwepo pankagwiranso ntchito mayi wina wa kwathu, Mayi Chikafa, amene tonse timangowatchula kuti Anti. Ndiwo anandilandira nditangofika kuno. Anandiphunzitsa kukwera basi, kusankha jekete yolimbana ndi mvula ya kuno, ndiponso kumva kayankhulidwe ka eni mzinda, kamene poyamba ndinkayesa kuti akundikalipira. Amayi anga ku Dedza amangowadziwira pa foni, koma amawatcha achemwali.

Anti anali ndi luso lawolawo. Okalamba amene mutu unayamba kuiwala, oti sazindikiranso ngakhale ana awo, iwo ankawaimbira nyimbo zakale za kutchalitchi powasambitsa ndi powadyetsa. Munthu amene wakana supuni kuyambira m'mawa ankayamba kutsegula pakamwa. Zimene ankaonazo ankazilemba, ndipo m'chaka chawo chomaliza asanapume pantchito, anaitanidwa kuti akazifotokoze pa msonkhano wa anamwino mumzinda wa Busan. Mabwana anati apite ndi munthu mmodzi wowathandiza, iwo n'kusankha ine. Anasoketsa diresi lobiriwira la chitenje, ndipo nthawi yopuma kuntchito ankatikhazika pansi kuti tiziwamvera akuyeseza mawu awo, mpaka ena tinawaloweza.

Ndinene pano kuti za mawondo awo ndinkazidziwa. Ndine ndemwe ndinawanyamulira makatoni ku Govanhill, dera lawo muno mu Glasgow, pamene ankasamuka m'nyumba ya pamwamba kupita ya pansi, chifukwa masitepe a nyumba zakale za kuno anali atawakwana. Choncho sindinganame kuti palibe anandiuza.

Busan ndi mzinda wokongola, wofinyidwa pakati pa nyanja ndi mapiri. Tsiku loti mawa lake Anti ayankhula, masana kunalibe zokambirana. Okonza msonkhano anatikonzera basi yoti itizungulitse mumzinda, kuima malo ochepa, n'kutibweza kuhotela dzuwa likadalipo. Ine ndinanyoza. Ndinati umenewo ndi ulendo wa agogo, woonera dziko pawindo. Pafoni ndinali nditaona mudzi wina wa nyumba zopakidwa utoto wamitundumitundu, zomangidwa mothinana m'mbali mwa phiri, ndipo mtima wanga unali kumeneko. Ndinkafuna zithunzi zoti anzanga a kuno ndi a ku Lilongwe aone kuti mwana wa ku Dedza wafika patali.

Ndinawauza Anti kuti ine basiyo sindikwera, ndiyenda ndekha pa sitima, iwo akwere basi kapena apume m'chipinda. Iwo anangotenga chikwama chawo.

"Tiye mwanawe, nanenso ndikaoneko," anatero.

Ndinakondwa, ndipo mumtima ndinadzitama kuti ndikuwachitira zabwino mayi wamkulu.

Ulendo unayamba bwino. M'sitima mnyamata wina anadzuka msangamsanga n'kuwapatsa Anti mpando, ndipo iwo anandinong'oneza kuti kuno ulemu ukadalipo. Chakudya chamasana tinadyera pamalo pena povula nsapato pakhomo n'kukhala pansi, patebulo lalifupi. Anatipatsa mpunga, nsomba ndi kabichi wowawasa wa tsabola woopsa, ndipo Anti anatuluka misozi akuseka. Podzuka zinavuta. Anagwira phewa langa ndi manja onse awiri, anadzuka pang'onopang'ono atakukuta mano, ine n'kumawaseka kuti mpunga wawalemera. Namwino wathunthu, wozolowera kudzutsa okalamba tsiku ndi tsiku, ndinaona zimenezo osatolapo kanthu.

Kumudzi wa paphiri uja tinapita pa kabasi kena, kamene kanatisiya pamwamba. Chimene zithunzi za pafoni sizinaonetse n'chakuti pakati pa nyumba zokongolazo palibe msewu, koma tinjira ta masitepe okhaokha, kutsika ndi kukwera. Ine ndinali patsogolo ngati mbuzi yomasulidwa pachingwe. Ndikapeza khoma lokongola ndinkawadikira, osati kuti apume, koma kuti ndiwapatse foni andijambule. Anandifunsa ngati kwatsala kutali, ine n'kuyankha monga timayankhira kwathu, kuti ndi pompano apa.

Tikutsika kanjira kena, ndinamva chikwama chikugwa kumbuyo kwanga. Nditacheuka ndinawaona atakhala pa sitepe, mwendo umodzi utapindikira kumbali. Sanalire, sanakuwe. Anangonena motsitsa kuti bondo lakana. Bambo wina wa kagolosale anatithandiza kuwanyamula mpaka pamsewu n'kutiitanira takisi. Kuchipatala anapeza kuti mtsempha wa m'bondo wang'ambika, ndipo chifukwa cha ululu ndi kutopa, kuthamanga kwa magazi kunali kutakwera kwambiri. Dokotala anati sangawatulutse mpaka kutsike. Anti anachonderera kuti awalole kutuluka kwa maola ochepa okha, ngakhale pa mpando wa matayala, koma anakana. Ndikanakhala ine dokotalayo ndikanakananso.

M'mawa mwake okonza msonkhano analola kuti ine ndiwerenge m'malo mwawo. Ndinaima kutsogolo kwa anamwino ochokera m'mayiko ambiri, dzina la Anti likuoneka pakhoma kumbuyo kwanga, n'kuwerenga mawu amene iwo anayeseza kwa miyezi. Anthu anawomba m'manja kwambiri. Kenako namwino wina wachikulire wa komweko anaimirira, ndipo kudzera mwa womasulira anapempha kuti ndiimbeko nyimbo imodzi monga mmene mwiniwake amaimbira podyetsa wodwala. Ndinayamba mzere woyamba, wachiwiri sindinaudziwe. Zaka zonsezo ndinkawamva Anti akuimba m'chipinda choyandikana, koma sindinatchere khutu. Anthu anaseka mwachifundo n'kuwombanso m'manja, ine ndinkangofuna pansi patatseguka.

Nditabwerera kuchipatala ndinawapeza atatsamira pilo, akuyang'ana pawindo. Ndinagwada pambali pa bedi n'kupepesa. Anandifunsa ngati anthu anamva bwino, ndipo nditawauza za kuwomba m'manja kuja anagwedeza mutu. Kenako ndinawafunsa funso limene linkandivuta: bwanji sanakane, bwanji sanakwere basi ija?

"Iwe mwana, ine nyumba za penti ndizitani?" anatero. "Unati upita wekha. Dziko la eni, chiyankhulo sukuchidziwa, ngakhale zikwangwani sungawerenge. Chikanakuchitikira chinthu, mayi ako ndikanawauza kuti ine ndinali pa basi?"

Inu owerenga, mawu amenewa anandilasa kuposa mmene kukalipa kukanandilasira. Ine ndinkayesa kuti ndikuwayendetsa, pomwe iwo ndiwo ankandiperekeza. Ndinali nditazolowera za kuno, kumene munthu akatopa amangonena kuti watopa, aliyense n'kupita njira yake. Ndinaiwala kuti mayi wa kwathu salola mwana wa mnzake kuyenda yekha kuchilendo, ngakhale mwanayo ali ndi ntchito yake ndi makiyi a nyumba yake. Nditangonena kuti ndipita ndekha, ndinali nditawasankhira kale.

Tinabwerera ku Glasgow iwo ali pa mpando wa matayala. Kuntchito sanabwererenso, kupuma kwawo kunangoyambira pomwepo. Chithunzi cha msonkhano chimene mabwana anapachika pakhoma chili ndi nkhope yanga, ndipo kutchalitchi anthu ena mpaka lero amandiyamikira kuti ndinakaimira Amalawi bwino ku Korea. Ndimawauza zoona, koma Anti akamva amandidula, amati zinapita zimenezo. Amayenda ndi ndodo tsopano. Loweruka ndikapanda kukhala pa shifiti ndimakwera basi kupita ku Govanhill kukawagulira zinthu, ndipo akundiphunzitsa nyimbo zija, imodziimodzi, akundiseka kuti mawu anga angathamangitse odwala.

Inu amene mudzatumidwe ku msonkhano kutali, kuona malo si kulakwa, ndipo mizinda ina ndi yoti munthu auonedi. Koma yambani mwamaliza chimene mwapitira, zokayenda zibwere pambuyo. Basi imene okonza msonkhano akonza musainyoze, anaikonza akuganizira anthu a misinkhu yonse. Ndipo mukakhala ndi munthu wamkulu, musadikire kuti anene kuti watopa, chifukwa sanena. Yang'anani mmene akudzukira pampando.

Zithunzi za tsiku lija ndikadali nazo pafoni, sindinatumizire aliyense. Zonse zili bwino, ine ndikumwetulira kutsogolo kwa makoma okongola, chifukwa wojambula anali Anti. Diresi lobiriwira lija ndinalipinda ndekha kuhotela polongedza katundu wawo, lili chisitidwire, losavalidwa.