Maso a Kangaude Kuseri kwa Nyumba

Pamsewu wathu timangowatchula kuti Ajambuleni. Dzinali analitengera ku situdiyo ya m'tauni komwe anagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri, kujambula anthu zithunzi za ziphaso: khalani tsonga, musaphethire, chibwano m'mwamba pang'ono. Ntchitoyo anaisiya chaka chimene mayi awo anayamba kusokonekera mutu. Mayiwo ankatuluka kukafuna amuna awo amene anamwalira kalekale, ndipo tsiku lina anakapezeka podikirira basi atavala nsapato imodzi. Kuyambira pamenepo geti linkakhala lokhoma, kiyi ali pachingwe m'khosi mwa Ajambuleni. Zogula ndinkawagulira ine, neba wawo.

Masana ena ndinasuzumira pampanda n'kuwapeza atagona chafufumimba pakati pa tomato m'kadimba kawo.

"Mwagwa kodi?"

"Chete kaye, mungamuthawitse."

Anali atachotsa lenzi ya kamera n'kuigwira chozondotsa. Anati ukatero, kanthu kochepa ngati njere ya mpiru kamadzaza chithunzi chonse. Koma uyenera kuyandikira mpaka kutsala pang'ono kukakhudza, n'kugwira mpweya, chifukwa ukangopuma chithunzi chimatuluka mbuu. Anandionetsa kangaude wodumpha, waubweya ngati kamwana ka galu, maso awiri akuluakulu kutsogolo, ena ang'onoang'ono m'mbali.

"Awa ndiye makasitomala abwino," anatero. "Sabwera kudzadandaula kuti mwandidetsa."

Mpata wojambula unali ola limodzi lokha, mayi awo akagona atadya. Zenera ankalisiya lotsekula kuti bedi likangolira adzambatuke. M'maola amenewo anajambula chiswamphika chikupukuta nkhope, nyerere zikuweta nsabwe za m'masamba, ndi kangaude wina wachikasu amene anamutsatira milungu isanu mpaka anaikira mazira kunsi kwa tsamba.

Mpongozi wanga amaphunzitsa sayansi kusekondale. Ataona zithunzizo anawapempha kuti Lachisanu lina akazionetse kwa ana asukulu. Mchimwene wa Ajambuleni, amene amakhala kutali, analonjeza kudzakhala ndi mayi tsikulo. Ine ndinapita kukatsukitsa zithunzi, iwo anasita diresi limene linali litaiwalika pansi pa sutikesi.

M'mawa wa Lachisanulo foni inalira. Anali mchimwene uja.

"Sisi, kuntchito kwavuta. Mwezi wamawa ndibwera ndithu."

Ajambuleni anangoika foni patebulo.

"Pitani," ndinawauza. "Maola awiri si kanthu, ndikhala nawo."

Anazengereza, kenako anatenga envelopu ya zithunzi n'kutsekula geti. Mayi awo anatuluka m'chipinda, n'kundiona ndili pampando. Takhala moyandikana zaka makumi awiri, koma tsikulo anandiyang'ana ngati wakuba. Anathamangira kugeti opanda nsapato n'kugwira diresi la mwana wawo ndi manja awiri.

"Amayi, musandisiye ndi munthu uyu."

Ajambuleni anaima pamenepo, phazi limodzi lili mumsewu. Anayang'ana kumtunda komwe minibasi zimadutsa. Kenako anabwerera, n'kukhoma.

"Sindikupita, tiyeni mkati," anawauza mofatsa. Envelopu anandipatsa osandiyang'ana.

Zithunzizo anakazionetsa ndi mpongozi wanga. Anabwerako ndi timapepala makumi atatu ndi tinayi ta mafunso a ana. Wina anafunsa ngati kangaude amagona. Wina anafuna kudziwa ngati wojambulayo saopa kulumidwa. Ajambuleni anayankha kapepala kalikonse ndi bolopeni, ndipo pomwe sankadziwa analemba kuti sindikudziwa, ndikaonetsetsa. Zinawatengera mlungu wathunthu.

Mchimwene uja anabwera patapita miyezi isanu ndi iwiri, kudzakhala masiku awiri. Ndinkaganiza kuti Ajambuleni apita m'tauni, kapena kusukulu kuja. Ndinapita kukawafunsa ngati tipitire limodzi. Mchimweneyo anandichingamira pakhomo akunong'ona, supuni ili m'manja.

"Sisi agona chigonere kuyambira dzulo," anatero. "Kodi mankhwala a amayi amasunga pati?"