Madeizi a Mng'ono Wanga

Mng'ono wanga anabwerera kwathu ku Kalembo ataonda kwambiri, banja lake litatha ku Liwonde. Anatsika pa kabaza ali ndi chikwama chimodzi ndi chitini cha penti mmene munali timbewu tanthete. Ine ndinkayesa ndi mbande za ndiwo.

"Iyayi achemwali, ndi maluwa awa," anatero. "Amawatcha madeizi. Ndinkawasamalira kunyumba ya adona kumene ndinkagwira ntchito, ndiye potsanzika anandipatsako."

Anawabzala kuseri kwa nyumba tsiku lomwelo, asanamasule n'komwe chikwama. Dothi la kwathu ndi louma ndipo mjigo uli kutali, choncho ankathirira ndi madzi otsukira mbale. Kangapo konse ndinamupeza akuthira madzi amene ndinamupatsa kuti asambe. Chiswe chitayamba kudya mizu, anawaza phulusa. Mbuzi za aneba zitalowerera, bambo a kunyumba, amene poyamba ankangomuseka, anakadula minga n'kutchinga malowo.

Maluwa anamasula m'nyengo yozizira, oyera mbee, pakati pachikasu. Nthawi imeneyo n'kuti chifuwa chitamugwira. Tinapita naye kuchipatala, tinabwerako ndi mapiritsi, koma thupi linkangotha. Atalephera kuyenda, ankapempha kuti timuyalire mkeka pafupi ndi maluwa akewo, ndipo ntchito yothirira inagwera ine.

"Ofotawo muziwabudula, achemwali, kuti ena aphuke. Ndipo musamathire madzi dzuwa lili pamutu."

"Iwe, ndangochokera ku ganyu. Tandilole ndipume kaye."

Ankangondiyang'ana mpaka ndinkadzuka n'kukatenga ndowa.

Anamwalira m'mawa wina mu Okutobala, kukutentha koopsa. Anthu anabwera ambiri pamaliro, bwalo lathu n'kuchepa. Azibambo anachotsa minga ija kuti papezeke malo ophikira, ndipo inathera pamoto. Ndili m'nyumba ndi thupi, mayi wina wa kutchalitchi kwathu analowa atanyamula lichero lodzaza ndi madeizi. Anali atadula onse, ndi osamasula omwe.

"Mwachita mwayi muli nawo pakhomo," anandinong'oneza. "Anzanu amachita kukagula apulasitiki ku Balaka."

Sananene mwachipongwe, ndikudziwa. Ndinangoyang'ana iye ndi amayi anzake akuluka nkhata, manja awo akuthamanga, uku akuimba. Mmodzi anandipatsa nkhata yaikulu kuti ndikaike pamanda, ndipo ndinakaikadi.

Anthu atabalalika ndinapita kuseri kwa nyumba. Ndinapeza mafuwa akuda, makala ndi timitengo tothyoka topondedwa m'fumbi. Ndinafukula ndi zala kufunafuna mizu yamoyo. Ndinapeza ingapo, ndinaikwiriranso, ndipo m'mawa uliwonse ndinkasenza ndowa yapadera kuchokera kumjigo.

"Mukudzizunza, mayi," bambo a kunyumba anandiuza tsiku lina. "Moto unapsereza pansi ponsepo."

Sindinawamvere. Kamuzu kamodzi kanaphukadi timasamba tiwiri, koma dzuwa linakawamba sabata isanathe. Nditapita kumanda kukasesa, ndinapeza nkhata zija zitauma, mphepo itazikankhira pamanda a munthu wina.

Ndinathirirabe mpaka mvula yoyamba inagwa. Pamalopo panamera chisoso ndi udzu basi. Chaka chimenecho sindinapalire kuseri kwa nyumba, ndipo bambo a kunyumba sanandifunse chifukwa chake.